Padi Ikuphethira, Gemu Ili Duu

Sony itatulutsa PlayStation 5 mu November 2020, anzathu a kunja anayamba kuona kuti PlayStation 4 yawo, ija anaithamangira mu 2013, ikungodya malo pa shelefu. Ife kuno tinati ibwere. Inabweradi. Ina inakwera basi ya ku Joni itakulungidwa m'bulangete pakati pa zigubu za mafuta ophikira, ina inabwera m'sutikesi ya achemwali ochokera ku Mangalande, ndipo ina sitifunsa kumene yachokera. Azikulu ake anali atatsogola kale: Xbox 360 ya mu 2005, PlayStation 3 ndi Wii za mu 2006.

Gemu ya kaunjika ilibe katoni, ilibe buku, ndipo kawirikawiri padi imene yabwera nayo sinakulire nyumba imodzi ndi gemuyo. N'chifukwa chake tsiku loyamba limafanana paliponse. Ana adzaza pakhomo, ena akolekera zibwano pawindo, TV yayaka, mwini wake wakhala pampando wa alendo. Adina batani lapakati. Padi iphethira. Iphethiranso. Kenako zii.

* * *

Mlamu wanga anagula PS4 yake ku Limbe. Wogulitsa sanamunamize. Anati padi ya PS4 ikakumana ndi gemu yachilendo, muilumikize ndi kebulo ya USB, kenako mudine batani lolembedwa PS. Kebuloyo ndiyo sanapereke. "Iliyonse ya micro-USB, bwana, ija ya mafoni akale. Kunyumba kwanu siingasowe."

Siinasowedi. Alamu anayamba ndi kebulo ya tochi. Padi inaonetsa kuti ikulandira moto, koma pa TV panalibe chosintha. Anazula ya kasipika. Chimodzimodzi. Ya kanyale ka sola, ya power bank, ya makina ometera ndevu. Pofika madzulo m'nyumba monse munalibe chinthu chimene chinali pa tchaja, ndipo alamu anali atamaliza kusanja mawu okalankhula ku Limbe, mawu amene mkonzi wa tsamba lino sangawalole.

Mwana wa aneba, wa Sitandade 5, anali pawindo kuyambira masana.

"Ankolo, makebulo anuwo ndi a moto okhaokha."

"Iwe, kebulo ndi kebulo. Wadya kale kwanu?"

Mwanayo anathamanga, n'kubwera ndi kebulo yakuda bii ya foni yakale ya amayi ake, yomangidwa ndi selotepi pakhosi. Analowetsa, anadina, kagetsi ka padi kanayaka buluu n'kukhazikika. Alamu anatsokomola pang'ono, nati, "Eya. Ndimafuna ndione ngati m'masukulumu mukuphunziradi."

Mwanayo ankanena zoona. M'kati mwa kebulo ya USB yathunthu muli tiwaya tinayi: tiwiri tonyamula moto, tiwiri tonyamula uthenga. Opanga matochi otchipa amasiya ta uthengato, poti tochi ilibe nkhani yokamba ndi munthu. Kunja makebulo awiriwa simungawasiyanitse. Mukafuna kudziwa, lumikizani foni ku kompyuta: kompyuta ikaona zithunzi za m'fonimo, kebuloyo ndi yathunthu, ikangotchaja basi, ibwezereni ku tochi.

Amalume anga, amene sanagwirepo padi chibadwire, anamvetsa nkhaniyi msanga kuposa alamu. "Ndiye kuti kebuloyo ndi nkhoswe," anatero. "Awiriwa angakhale chipinda chimodzi chaka chathunthu, popanda nkhoswe palibe ukwati. Ndipo mwatumiza ankhoswe ongodziwa kudya, osanyamula mawu."

Chimene mwana uja sanaulule n'chakuti kebulo ya uthenga imafunika kamodzi kokha. Zikadziwana, zadziwana. Iye anauza alamu kuti gemuyo izifuna kebulo ya amayi ake tsiku ndi tsiku, ndipo kebuloyo siyenda yokha. Mpaka pano ali ndi mpando wake m'nyumbamo.

* * *

Padi ya PS4 imakumbukira chinthu chimodzi chokha, chimene yalumikizana nacho komaliza. Mukagwira batani la Share ndi la PS pamodzi kwa kanthawi, kagetsi kake kamathwanima mofulumira, ndipo foni ya Bluetooth ikhoza kuitenga. Ikapita ku foni, gemu yaiwalika, mpaka mutaibwezera ndi kebulo.

Bambo wina ku Area 25 analetsa mwana wake wa Fomu 2 kukhala ndi foni. Mwanayo analumbira kuti alibe, sanakhalepo nayo, ndipo saifuna n'komwe. Lamulungu masana mwana ali ku kwaya, bambo anakhala pansi kuti amenyeko mpira wa pa TV mwakachetechete. Anadina PS. Padi inayaka bwinobwino, osaphethira, kusonyeza kuti yagwira. Koma TV inali duu. Anadina X. Palibe. Anapotokola kandodo kumanja, anadinanso X. Pamenepo kuchipinda kwa mnyamata, pansi pa matiresi, kunayamba kulira amapiano.

Mwana pobwera anapeza foni ili patebulo, padi pambali pake, bambo atapinda manja.

"Adadi, ndikhoza kufotokoza."

"Ufotokoza. Koma yamba wabweza padiyi ku gemu, ndili ndi theka la ola amayi ako asanafike."

* * *

Pali ogulitsa ena amene amakhulupirira kuti zinthu zikakhala za kampani imodzi, ndiye kuti n'zapachibale. Mnzanga anagula PS4, napatsidwa padi ya PS3. Atabwerera kukadandaula, anayankhidwa kuti, "Werengani apa, achimwene. Sony. Werengani apanso. Sony. Vuto lili pati?"

Vuto lilipo. DualShock 3 ya PS3 sigwira pa PS4. DualSense ya PS5 nayonso sigwira pa PS4, ngakhale ili yatsopano ndi yodula. DualShock 4 imaloledwa pa PS5, koma pa magemu a PS4 okha. Ku Microsoft nakonso, padi ya Xbox 360 sigwira pa Xbox One. Ngakhale makebulo awo ndi osiyana: PS3 imafuna mini-USB, yonenepa kukamwa ija ya makamera akale, PS4 micro-USB, PS5 USB-C. Makampaniwa sachita izi mwangozi, ndipo ine sindiwayamikira, koma kukwiya kwanga sikunalumikizepo padi ya munthu.

Mnzangayo atafotokoza zonsezi, wogulitsa anagwedeza mutu mwachifundo. "Ipatseni masiku. Ndi yachilendo. Izolowera."

Wogulitsa wina pa msika ndinamufunsa ngati padi imene ankagulitsa inali ya Sony yeniyeni, chifukwa inali yopepuka modabwitsa ndipo zilembo za pa mabatani zinkatsalira pa chala. "Ndi orijino, bwana," anatero, "koma orijino yachiwiri." Nditapempha kuti tiiyese pa gemu ndisanalipire, anayang'ana kumwamba, kumene babu linali lozima, nati magetsi akabwera tiyesa, koma mtengo wa magetsi atabwera ndi wina.

* * *

Mphunzitsi wina analandira Xbox 360 kuchokera kwa mphwake. Atamva kuti padi yake ndi yopanda waya, anatsegula Bluetooth pa foni kuti aone ngati padiyo ili moyo. Anafufuza, anafufuza. Padi sanaipeze. Anapeza sipika ya aneba, ndipo mwangozi anaitumizira uthenga wa mawu umene anajambula dzulo lake wodandaula za phokoso la aneba omwewo.

Padi ya Xbox 360 si ya Bluetooth. Microsoft inaipangira njira yakeyake ya wayilesi, ndipo foni siingaione. Kuilumikiza n'kosavuta: pa nkhope ya gemu pali kabatani kakang'ono, pamwamba pa padi pali kena. Dinani ka pa gemu, magetsi obiriwira ayamba kuzungulira, dinani ka pa padi msangamsanga. Zikagwirizana, chigawo chimodzi mwa zinayi za mkombero wobiriwira chimayaka n'kukhala.  Ngakhale padi ili pa kebulo yotchajira ya Play and Charge ya Xbox 360, uthenga wa masewera umadutsabe mumlengalenga. 

* * *

Za mabatire ndiye musanene. Padi ya Xbox 360 imadya mabatire awiri a AA, omwewo a wotchi ya pakhoma, a rimoti ya TV ndi a kawayilesi ka agogo. M'nyumba imene muli zinthu zinayi zofuna mabatire ndi mabatire awiri okha, mabatirewo amayenda kuposa mwini nyumba.

Mnyamata wina anatha ola akudina mabatani olumikizira, padi osayaka n'komwe. Anaimenya m'dzanja, anaiuzira mpweya, anaiika padzuwa. Agogo ake anali pakhonde akumvera uthenga wa maliro pa wayilesi, mokweza bwino, kawayilesi kamene kanali chete mwezi wathunthu.

"Agogo, mabatirewo mwawapeza kuti?"

"M'kachidole kakoko. Ndaikamo anga aja. Akadali ndi moto pang'ono, ndawaluma."

Kunena zoona, mabatire ofooka ndiwo amapusitsa kwambiri, chifukwa padi imayaka, iyamba kufufuza gemu, n'kuzima isanamalize, ndiye munthu amati gemu ndiyo yafa. Padi ya kaunjika imabweranso nthawi zina ndi ufa woyera pa tizitsulo togunda mabatire, chifukwa mwini wake woyamba anaiwala mabatire m'katimo mpaka anatuluka madzi. Kathonje konyowetsa pang'ono ndi viniga kapena madzi a ndimu kamachotsa ufawo; umitsani bwino musanaikemo ena. Mapadi a PlayStation ali ndi batire la m'kati, ndipo ngati agona m'kabati zaka, apatseni maola awiri pa moto musanawaweruze.

* * *

Kumbuyo kwa padi ya PS3 ndi ya PS4, pafupi ndi batani la L2, kuli kabowo kakang'ono. M'katimo muli kabatani koiwalitsa padi zonse zimene yasokonezeka nazo. Mumalowetsamo phini kapena waya wopyapyala, kudina masekondi asanu, kenako kulumikiza ndi kebulo n'kudina PS. Pafupi pomwepo palinso bowo la sikuluwu, ndipo ndikudziwa kalipentala amene anasankha bowo lolakwika, ndi msomali wolakwika, ndi mphamvu za ntchito yake.

Koma nkhani ya kabowoka imene ndimaikonda ndi ya azakhali a mnzanga, mayi wa mapemphero. Anafika kudzacheza napeza nyumba yonse ili ndwii, padi ikuphethira tsiku lachiwiri. Anafunsa kumene gemuyo inachokera. Atamva kuti ndi ya kaunjika, ndipo mwini wake woyamba sadziwika, anaika chikwama pansi.

"Zinthu za eni ake zimabwera ndi zawo. Tsinzinani nonse."

Onse anatsinzina, kupatula mdzukulu wa zaka 11, amene tsiku lonse ankapempha kuti ayeseko koma ankauzidwa kuti asagwire zinthu zodula. Pemphero lili m'kati, anasolola phini pa duku la azakhali omwewo, anatokosa kabowo kaja, analowetsa kebulo, anadina PS, nabwezera padi patebulo. Pa "Amen" kagetsi kanali buluu.

Umboni unaperekedwa ku tchalitchi Lamulungu lotsatira. Mwanayo anafuna kuyankhula, koma atate ake anamuponda phazi, chifukwa azakhali atakondwa anasiya ndalama ya padi yachiwiri.

* * *

Wina analandira Xbox 360 kuchokera ku America, ndi chibokosi chake cha moto cholembedwa 100 mpaka 127V. Kuno m'makoma mwathu mumayenda 230V. Anagula adaputala ya mapulagi, analowetsa, kunamveka "phu!", kunanunkha. Mawa lake anafika kwa okonza atanyamula padi yokha. "Ikukana kulumikizana," anatero.

* * *

M'nyumba za magemu, zija ana amalipira kuti amenye mpira, mavuto ake ndi ena. Kampani ya EA inasiya dzina loti FIFA mu 2023, gemuyo n'kukhala EA Sports FC, koma ku Ndirande uthengawo sunafike ndipo sakuufuna. Kumeneko ndi FIFA basi.

Nyumba ina inali ndi ma PS4 awiri moyandikana, ma TV awiri, mapadi anayi ofanana. Usiku mwini wake anatchaja mapadi onse pa gemu imodzi, ndipo wina anadina PS padi ili pa kebulo. Padi ikatero imasamukira ku gemu imene yalumikizidwako. M'mawa kunabwera mkulu wina wodziwika ndi pakamwa, nakhala pa TV yakumanzere, natenga padi imene inali itasamukira kumanja. Pa TV yakeyo mpira unali ukuseweredwa kale ndi kamnyamata kena kachete, kamene kanakhala pansi pakona ndi padi yake. Mkuluyo anayamba kudina. Timu ya pa TV inachenjeretsa anthu atatu, inagoletsa.

"Mwaona? Mwaona zala izi? Ndinayamba kalekale ine, pa PlayStation 2!"

Kumanja kunali maliro. Mwana amene ankayembekeza kuti padi yake igwire ankangoona goloboyi wa timu yake akutuluka pagolo, akuthamangira ku kona, akuponyera mpira adani. Anthu anazindikira pamene mkulu uja anaika padi pansi kuti ayankhe foni, timu yake n'kugoletsa chachitatu.

Kagetsi ka padi ya PS4 kamanena nambala ya wosewera: woyamba buluu, wachiwiri kofiira, wachitatu kobiriwira, wachinayi pinki. Koma sikanena kuti ndi wa gemu iti. Mwini nyumbayo anathetsa nkhaniyi ndi kyutekisi wa akazi ake: mapadi a kumanzere kadontho kofiira, a kumanja kopanda kanthu. Mkulu uja sanabwerenso mwezi umenewo.

Mwini nyumba yemweyo, akuba atamuyendera, anapita kwa owotcherera kukapangitsa bokosi la chitsulo chokhuthala, lotseka mbali zonse, la loko ziwiri, naikamo gemu. Akuba analephera. Mapadi nawonso analephera. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, mamita pafupifupi khumi pamalo poyera, ndipo chitsulo siiboola. Imasokonezekanso ikapanikizana ndi rauta ya WiFi, imene imayenda pa mlingo womwewo. Ana anayamba kusewera atakhala pansi, mapadi atawagunditsa pa kabowo kotulukira mawaya, makosi atapindikira m'mwamba. Gemu nayo inatentha m'bokosimo mpaka fani yake inkamveka kumsewu.

Mukaona padi imene imagwira pokhapokha mwaiyandikiza kwambiri, ndipo palibe bokosi la chitsulo, kayikirani kuti gemuyo inatsegulidwapo. M'kati mwa PS4 muli kawaya ka eriyo, ndipo okonza ena akamapukuta fumbi amaiwala kukabwezera. Amakubwezerani gemu yoyera bwino, ndi masikuluwu awiri otsala m'kapepala, "a sipeya".

* * *

Wii ya Nintendo inafika kwa mphunzitsi wina wa kumudzi kuchokera kwa mlongo wake. Kulumikiza rimoti yake sikunavute atangodziwa pobisalira mabatani: lofiira lina lili kuseri kwa kachitseko ka pa nkhope ya gemu, pamene pamalowa khadi la SD, lina lili pansi pa chivindikiro cha mabatire a rimoti. Anadina onse awiri, magetsi a buluu anaphethira, limodzi linakhala. Koma kadzanja kolozera zinthu pa TV sikanaoneke, chifukwa m'katundumo munalibe kandodo kaja kamene kamakhala pamwamba pa TV.

Kandodoko, ngakhale amakatcha sensor bar, sikamva kanthu. Ndi timagetsi ta infrared kumapeto onse awiri, ndipo kamera ili m'mphuno mwa rimoti ndiyo imationa n'kudziwa kumene mwaloza. Lawi la kandulo nalonso limatulutsa infrared. Mphunzitsiyo, poti ndi wa sayansi, anayatsa makandulo awiri, naika lina uku lina uko patsogolo pa TV. Kadzanja kanaoneka.

Tsono taganizani zimene anaona mayi amene ankadutsa pawindo usiku umenewo. Aphunzitsi ali okha m'nyumba, atavula malaya chifukwa cha kutentha, makandulo awiri akuyaka pamene sola ilipo, iwo akugwedeza kandodo koyera m'malere, akudumpha, akukuwa kuti "Ndakupha! Ndakupha!"

Kutacha nkhani inali kwa amfumu.

Amfumu anabwera madzulo ndi nduna ziwiri kudzaona okha. Aphunzitsi anayatsa makandulo, anthu panja anabwerera m'mbuyo. Anaika Wii Sports, nasankha tenesi, napereka rimoti ndi manja awiri.

"Gogo chalo, ingomenyani ngati mpirawo ukubwera kwa inu. Koma chonde lowetsani dzanja m'kachingweka."

"Ine sindimangidwa m'mudzi mwanga."

Kachingweko sikokongoletsa. Wii itangotuluka, anthu anaswa ma TV ambiri ndi marimoti othawa m'manja, moti mu December 2006 Nintendo inayamba kusinthira anthu zingwe zoyambazo ndi zina zolimba. Amfumu anaphonya mpira woyamba. Anaphonya wachiwiri. Nduna ina inaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Pa wachitatu amfumu anavula jekete, anaponda bwino, anamenya ndi mphamvu zonse za ufumu wawo. Rimoti inadutsa pakati pa makandulo, inaphonya TV pang'onong'ono, inatulukira pawindo pamodzi ndi galasi.

Mlandu unaweruzidwa pomwepo. Za ufiti, amfumu anati palibe, aphunzitsi ndi munthu wabwino. Koma chifukwa chosunga chinthu choterera m'manja popanda kuchenjeza akuluakulu mokwanira, aphunzitsi alipire nkhuku imodzi, agule galasi, ndipo Lachisanu amfumu abweranso, chifukwa masewerawo sanathe.